Makiyi Awiri

M'thumba mwanga mumalira makiyi awiri,
wina wa ku Area 25 kumene ndimagona,
wina wa ku Chinsapo kumene kumagona ena.
Pa siteji anyamata a kabaza amandikuwira kuti alandilodi!
Ndimawayankha ndi dzanja limodzi,
linalo litafumbata ya minibasi, yoperewera.

Malipiro amafika ngati mlendo wodzapepesa maliro:
kugwada, kupereka moni, kutsanzika.
A banki amadula zawo ine ndisanazione,
za malata aja makumi anayi,
za simenti imene inakwera mtengo khoma lili m'chiuno.
Zotsalazo ndimaziyala patebulo ana atagona,
pambali pa kope lofiira limene Ulemu anasiya ku Fomu 2
ndi cholembera chotafunidwa kumutu.

Fizi.
Mayunitsi.
Madzi, amene bilu yake siphonya
ngakhale mpopi ukungotsokomola mpweya.
Lachinayi banki mkhonde kwa Mayi Nankhoma,
kumene ndinatenga kuti ndibweze kwa Chimkwita,
Chimkwita amene anandikongoza pa katapila
chimbudzi cha ku Chinsapo chitatitimira ndi mvula ya Febuluwale.
Ndimakumba dzenje pofuna kukwirira dzenje,
dothi n'lomwelo, limangosamuka.

Loweruka ndinapita kukatolera lendi.
Mawu ndinawanolera m'minibasi,
akuthwa, oyenera mwini nyumba,
ndinawabwereza msewu wonse wa Likuni.
A Msowoya ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato ya mwana.
Kampani ya ulonda sinawalipire, uno mwezi wachiwiri.
Anandipatsa mpando wawo womwewo,
iwo n'kukhalira chigubu.
Akazi awo anandilowetsa kuchipinda kukaona denga,
beseni lili pansi pake, duu, ngati mboni yodikira kuitanidwa.
Mawu anga aja anakakamira pammero.
Ndinabwerako ndi theka la lendi
ndi mapeyala atatu
a mumtengo umene ndinadzala ndekha.

Mlamu wanga akuti gulitsa imodzi upumeko.
Amayankhula akutokosa m'mano, galimoto ikulira panja.
Sadziwa kuti njerwa za ku Chinsapo
tinaumba ndi malemu Nachisale
chaka chimene anali woyembekezera Ulemu,
kuti kuseri kwa bafa, mzere wachitatu kuchokera pansi,
pali njerwa imene inasunga chala chake chachikulu.
Ameneyo wodzagula adzapaka pulasitala.
Nanga chala chimenecho ndichitchule zingati?

Pepala la puloti lili m'kabati ya ku banki ku City Centre,
likupuma pa kamphepo ka makina,
ine mwini ndikuwauka pa mzere wa shuga.
Kutchalitchi andiika m'komiti ya zomangamanga,
akuti munthu wa nyumba ziwiri sangasowe thumba la simenti.
Ndinaseka nawo.
Ndinalonjeza matumba awiri.

Tsono usiku uno ndafufuta nyama ya Lamulungu,
ndafufuta nsapato zanga, zipirire mpaka Juni,
ndafufuta ulendo wa ku Mitundu kukaona amalume,
ndawonkhetsanso kuchokera pamwamba,
zikusowabe zikwi khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Foni yayaka, dzina la Chimkwita likuphethira.
Ndaivundikira ndi kope.
Mita ya magetsi yayamba kaphokoso kake kaja,
atsala mayunitsi atatu,
ndazimitsa babu la pakhonde, akuba adzadziunikira okha.

Mawa ndidzera ku Malangalanga kwa Ajibu wa hadiweya,
andilembe phula lomatira malata ndi misomali theka la kilo,
mvula isawapezenso a Msowoya pabedi.
Ajibu ali ndi kope lakenso, lobiriwira,
dzina langa lili pa tsamba lachinayi.

Ulemu watembenuka kuchipinda, wafunsa ali m'tulo
ngati ndasaina fomu ya mayeso.
Ndati gona, mawa.
Makiyi ndawapachika pa msomali umodzi kuseri kwa chitseko.
Akugundana pang'ono,
kenaka zii.
Peyala limodzi lapsa, ndalisiyira ana.